Alonda a pageti sadzakubwezani, achemwali

Achemwali ena a ku Area 25 ku Lilongwe anditumizira imelo sabata yathayi. Akuti banki mkhonde yawo igawana kumayambiriro a Disembala, ndiye akufuna atenge mayi awo, omwe amakhala kumudzi ku Dowa ndipo nyanja amangoimva, akagone nawo pa hotela ina yapamwamba ku Senga Bay. Afunsa kuti akonzekere bwanji. Kenako pansi penipeni awonjezera kuti: "Kodi anthu ngati ife sakatiyang'ana ndi diso loipa kumeneko? Amayi Chizungu sadziwa, foloko sanagwirepo."

Za kakonzekeredwe ndinena, achemwali, koma mundipirire, chifukwa funso lanu lachiwirilo landigunda pachilonda.

Ine ndine mwana wa konkuno. Ndinabadwira m'dera la mfumu yayikulu Maganga, pafupi ndithu ndi mchenga. Bambo anga anali mlovi, msodzi waganyu, pa khoka la chilimira la munthu wina, mayi anga ankayanika usipa pathandala n'kumakagulitsa pa Kamuzu Road. Nditalemba Fomu 4 ndalama zopitira patsogolo kunalibe, ndiye ndinalowa ntchito yoperekera zakudya pa hotela ina m'mbali mwa nyanjamu. Dzina lake tisiye. Ndinanyamula mathireyi zaka zingapo, malaya oyera, thalauza lakuda, nsapato zothina zobwereka kwa msuweni wanga. Choncho mukandifunsa kuti anthu a m'mahotela amati chiyani mlendo akapereka nkhongo, sindikuuzani zongomva. Kukhitchini kuja ndinaliko, ndipo pa miseche yake ndinkaponyapo nawo mawu.

Alendo tinkawaseka, inde. Bodza n'loipa. Koma amene tinkawaseka si amene mukuwaopera inuwo. Tinkaseka mabwana a misonkhano, aja ofika Lolemba ndi zikwama za laputopu n'kuchoka Lachisanu atasayinira maalawansi, oitana munthu poliza zala, olankhula Chizungu chapamphuno kwa weyitala amene akumudziwa bwino kuti kwawo ndi ku Mikute, kenako foni ikalira n'kuyamba Chichewa chenicheni chakumudzi ndi akazi awo. Tinkaseka anyamata oitanitsa vinyo amene dzina lake likuwakanika pakamwa, kulawa pang'ono, kukwinya nkhope, n'kutikodola mobisa kuti tibweretse Fanta. Tinkaseka aja odandaula chilichonse mokweza kuti tebulo loyandikana nalo limve kuti iwo anayendapo kunja. Amenewo ndiye tinkawapatsa mayina kukhitchini, ndipo mayina ake sindingalembe pano.

Tsiku lina kunabwera agogo ena ndi mwana wawo wamwamuna amene ankagwira ntchito ku Joni. Atafika pakhomo la chipinda chodyera, agogowo anaona matailosi akunyezimira, anavula mapatapata awo n'kuwaika panja bwinobwino moyandikana. Mwanayo nkhope inagwa. Anawanong'oneza mwaukali kuti avale, iwo n'kuvala, manja akunjenjemera. Pampando anakhala m'mphepete mwenimweni, kachikwama kali pamiyendo. Ndinabwera ndi menyu. Mwanayo sanawafunse n'komwe, anangoitanitsa mbale ziwiri za supageti. Agogo anagwira foloko, kuyesa kutola, zinthu n'kumaterereka, anasiya. Ananena kuti akhuta. Munthu woti wachoka kumudzi m'bandakucha. Ndinawerama n'kufunsa chapansipansi kuti, "Agogo, tikuphikireni nsima?" Asanandiyankhe anayamba ayang'ana kaye nkhope ya mwana wawo, ngati akupempha chilolezo. Kayang'anidwe kameneko kamandiwawabe mpaka lero.

Wophika wathu wamkulu anali bambo wina wachikulire, Myao wosalankhulalankhula. Nditamuuza anavula chipewa chake chija, anatereka mphika yekha, sanatume mwana. Anawotcha chambo chathunthu ndi mutu womwe, anathira tomato ndi anyezi, anatapa nkhwani wotendera mumphika wathu wa antchito. Ine ndinapita ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda, ndinagwada, agogo anasamba m'manja. Mbale ija pobwerera kukhitchini munatsala minga yokhayokha, yoyera mbee, yosanjidwa m'mbali. Mutu anaupsopsona wonse, maso omwe osasiya. Wophika uja anaitana aliyense, mpaka otsuka mbale, akuti, "Bwerani mudzaone munthu wodziwa kudya nsomba." Muyenera kumvetsa kuti tsiku ndi tsiku tinkabweza mbale za alendo ongotola mnofu wa pamsana n'kusiya theka la nsomba. Kwa munthu wophika, mbale ya agogo ija inali ulemu waukulu kuposa tipu ina iliyonse. Potuluka agogowo anandiombera m'manja, n'kundifunsa kuti ndine mwana wa yani ndipo ndimapemphera kuti.

Palibe wantchito ndi mmodzi yemwe amene anawaseka agogo aja. Amene anawachititsa manyazi tsiku limenelo anali mwana wobereka okha.

Ndiye ndikuuzani mosapsatira, achemwali, ndipo musandikwiyire: pa ulendo umenewu munthu amene angawapweteke amayi ndi inuyo. Mukapita ndi mantha amene ali mu imelo yanuyi, mukakhala mukuwakonza mphindi iliyonse. Amayi musatero, amayi khalani apa, amayi musalankhule mokweza, amayi chitenjecho chotsani. Adzabwerera ku Dowa atatopa, ndipo akadzafunsidwa ndi anzawo a kumvano kuti kunyanja kunali bwanji, adzati kunali bwino, basi, n'kusintha nkhani. Asiyeni adye ndi manja. Nsima ilipo m'mahotela onse a kuno, ndipo ngati palibe pamenyu, funsani. Akafuna kukhala pansi pakapinga atatambalala, akhale. Akafuna kupereka moni kwa aliyense wodutsa, apereke, ndipo mudzaona momwe anyamata ndi atsikana ogwira ntchito aja adzawakondere, chifukwa tsiku lonse amatumikira anthu osayankha moni. Chizungu cha chiyani? Wolandira alendo ndi Mmalawi, wokonza m'chipinda ndi Mmalawi, wophika ndi Mmalawi, ndipo ambiri mwa iwo mayi awo ali ngati anuwo.

Sindikunamizani kuti tsankho kulibe. Lilipo, ndipo limakhala pageti. Chaka china, nditasiya kale ntchito ija, ndinapita pamalo ena kukakumana ndi mnzanga wochokera ku Blantyre. Ndinafika pa kabaza wa njinga yakapalasa, nditavala bwino ndithu. Mlonda anaima kutsogolo kwanga n'kundifunsa kuti, "Mukufuna ndani?" Sanati takulandirani, sanati muli bwanji. Ndikufotokoza choncho kunabwera galimoto yaikulu ya magalasi akuda, geti linatseguka, sawatcha juu, osafunsa kuti mkatimo muli ndani. Kumbuyo kwake kunabwera mzungu wina wachinyamata wapansi, wopanda nsapato, kabudula wake woti ine sindingapite naye kumsika, anangodutsa akumwetuliridwa. Ine ndinaima padzuwa mpaka mnzanga uja anachita kutuluka kudzanditenga. Mlonda ameneyo ndinkamudziwa, agogo ake ndi agogo anga ankatunga pachitsime chimodzi. Ndinamukwiyira kwa nthawi, koma mkwiyo wanga weniweni uli pa bwana amene anamuphunzitsa kuyeza munthu ndi matayala a chimene wakwera, n'kumamulipira ndalama yoti sangagule nayo ngakhale chakudya chamasana cha pamalo omwe akulonderapo.

Koma kufunsidwa si kubwezedwa. Mankhwala ake ndi amodzi: bukitsani musananyamuke, uthenga wotsimikizira ukhale pa WhatsApp panu, ndipo akakufunsani kuti mukufuna ndani muyankhe mosaseka ndi mosakwiya kuti, "Ndife alendo, tinabukitsa." Musayambe kupepesa, musayambe kufotokoza mbiri ya banja lanu. Geti litseguka.

Ndipo pamene ndafikapa mundilole ndipse mtima pang'ono. Chimene chimandinyansa n'chakuti Mmalawi azifunsa ngati ali woyenera kukaona nyanja ya dziko lake. Mantha amenewa sitinabadwe nawo, tinachita kuphunzitsidwa. Hotela yakale kwambiri pa Senga Bay, imene lero ndi Sunbird Livingstonia Beach, kale inkatchedwa Grand Beach Hotel, ndipo inamangidwa m'nthawi ya atsamunda kuti azungu a ku Nyasaland azikapumulirako. Makolo athu malo ngati amenewo ankalowamo ndi tsache kapena thireyi m'manja. Atsamunda anapita mu 1964, koma mantha aja anatsala, tikumapatsirana ngati chuma chamasiye. Mukudziwa kuti kampani ya Sunbird, imene ilinso ndi hotela ya Waterfront pomwepo, magawo 71 pa 100 alionse ndi a boma la Malawi? Boma lake liti, ngati si lomwe amayi anu amalidulira msonkho nthawi iliyonse akagula sopo? Sindikuti mupite kumeneko, malo apamwamba alipo angapo ndipo kusankha n'kwanu. Ndikungoti mukamalowa pamalo otere musamayende ngati mwabwera kudzapempha moto.

Ine ndili mwana tinkachoka kunyumba kulunjika kunyanja paliponse pamene miyendo yafuna. Kenako mipanda inayamba kumera. Wina wagula apa, kampani ina yamanga kotteji ya mabwana ake apo, wina waika waya mpaka m'madzi. Malo ankagulitsidwa usiku, anthu n'kudzuka m'mawa kupeza njira ya kudooko yatsekedwa ndi njerwa. Lero pali midzi imene amayi amazungulira mtunda ndi beseni la zochapa pamutu, n'kudutsa m'kanjira kopapatiza pakati pa makoma awiri, kuti akafike pamadzi amene akuwaona ali pakhomo pawo. Ndipo nyumba zambiri za kuseri kwa makomawo zimakhala zotseka chaka chonse, eni ake amabwera pa Khrisimasi pokha. Anthu ena amandiuza kuti usamatero, mahotela amabweretsa ntchito. Ndikudziwa, inenso ndinadyapo pamenepo, ndipo mng'ono wanga anaphunzira ndi ndalama ya thireyi. Hotela yolemba anthu ntchito ndilibe nayo mlandu. Koma khoma lotsekera mudzi wonse kuti banja limodzi lizidzawotcha nyama kamodzi pachaka, limenelo musandiuze kuti ndi chitukuko. Ndi umbombo, ndipo mafumu amene anasayina akudzidziwa.

Nyanja nayo inayankhapo. Mu 2024 madzi anakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, zimene akuluakulu ankati anaziona komaliza cha m'ma 1980. Analowa m'malo ogona alendo kuno ku Salima, ku Mangochi ndi kwina, anagwetsa makoma, anameza mchenga umene anthu ankajambulirapo zithunzi za ukwati. Madzi saiwala khwawa. Kumudzi kwathu ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa kanthawi, poti amene anayamba kuuzidwa kuti akhale kaye kunyumba anali ana athu omwe ogwira ntchito m'mahotelamo, ndipo nyumba za asodzi nazo zinagwa. Kwa inu phunziro lake ndi laling'ono koma lofunika: zithunzi zimene malo ena amaika pa Facebook ndi zakale. Musanalipire, auzeni akutumizireni chithunzi cha gombe lawo cha sabata yomweyo. Pena pamene panali mchenga wautali lero pali miyala ndi matumba otchingira mafunde.

Tsopano nkhani imene simunafunse koma ndi yaikulu kuposa zonse. Amayi anu ndi mlimi, ndipo inu mukufuna kuwachotsa pamunda mu Disembala. Mvula ikagwa bwino kumapeto a Novembala, nthawi imeneyo ku Dowa anthu ali kalikiliki kubzala, kupalira, kuthira feteleza woyamba. Mudzawagoneka pabedi lofewa, koma mtima wawo udzakhala uli pamizere. Ndipo ndikulumbira, tsiku loyamba lomwelo adzakufunsani kuti, "Kodi mwanawe, chipinda chimenechi walipira zingati?" Mukawauza zoona, adzawerengera m'mutu kuti ndi matumba angati a feteleza, ndipo chakudya sichidzalowanso. Mukawanamiza, adzafunsa mtsikana wokonza m'chipinda, ndipo iye adzawauza. Choncho gulani feteleza kaye. Matumba akalowe m'nyumba, awaone ndi maso, aganyu opalira muwalipiriretu, ndiyeno muwatenge. Ndalama ikakwana chimodzi chokha, feteleza apambane, nyanja siithawa. Ndipo chonde, chonde, musakatenge katapila kapena ngongole ina ku banki mkhonde komweko chifukwa cha ulendowu. Ndaonapo anthu akumwa madzi a zipatso pa dziwe losambira uku foni ikulira ya amene anawakongoza.

Pa za nthawi, mwachita bwino kuti simunasankhe 15 Okutobala. Tsiku la Anakubala ndi lawo ndithu amayi, koma Senga Bay tsiku limenelo si ya amayi. Mabasi a sukulu, magulu a kutchalitchi, anyamata a mowa, masipika akulimbana, mchenga osaoneka ndi anthu, dzuwa la Salima likuswa mtengo. Pobwerera madzulo msewu wa M14 umadzaza ndi oyendetsa amene amwa tsiku lonse, ndipo chaka ndi chaka timamva za ngozi, ena pamsewu ena m'madzi. Khrisimasi ndi Nyuwere n'chimodzimodzi, kuwonjezapo kuti zipinda zimadzaza ndipo mitengo imakwera. Masabata awiri oyamba a Disembala, sukulu zisanatsekere, pakati pa sabata, ndiyo nthawi yanu. Kumatenthabe kwambiri, munthu wa ku mapiri a Dowa adzamva ngati wamulowetsa mu uvuni, choncho masana azikhala pamthunzi ndi botolo la madzi, kunyanja azipita m'mawa ndi madzulo.

Za ndalama

Mitengo sindilemba pano. Chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene munthu walemba lero umakhala bodza mwezi wamawa. Dziwani chabe kuti pamalo apamwamba enieni, usiku umodzi kapena uwiri ungathe kumeza malipiro a mwezi a mphunzitsi wa pulayimale. Imbani foni, musadalire za pa intaneti, ndipo funsani mtengo wa Amalawi wa m'makwacha, chifukwa malo ambiri ali ndi mitengo iwiri. Funsani ngati kadzutsa ali momwemo, funsani ngati msonkho wa VAT ndi wa zokopa alendo auphatikiza kale. Safunsa anadya phula. Chimene chimapha anthu si chipinda, poti chimenecho umachidziwiratu. Ndi zakumwa ndi chakudya chamadzulo, zimene umangosayina kapepala n'kudzaona zonse pamodzi potuluka. Muzilipira nthawi yomweyo mukadya, muziona mmene thumba likutsikira.

Maganizo anga ndi akuti usiku umodzi pamalo apamwambawo ndi wokwanira. Mufike masana, mugone, mudye kadzutsa wawo yense mosachita manyazi, mutuluke nthawi imene anena. Mukafuna usiku wachiwiri, malo ogona otsika mtengo koma aukhondo alipo ambiri pa Senga Bay pomwepo ndi ku Salima boma. Njira inanso ndi kugona kotchipako masiku onse n'kukalowa ku hotela yaikulu ngati alendo a tsiku limodzi, poti malo angapo amalola mukalipira pageti. Dziwani kuti chimene mukugula ku hotela yodula ndi bata, mthunzi, chimbudzi chaukhondo ndi mpando woti palibe akusuntheni. Nyanjayo ndi yomweyo imene ana akusambamo kuseri kwa mpanda.

Kayendedwe

Kwa inu a ku Area 25 ndi pafupi, mukwerere pa Salima turn-off kupitirira Kanengo. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kuchoka pa boma kufika kunyanja ndi ena pafupifupi 20. Msewu umadutsa pa Chezi ndi pa Mvera, ndiye ngati kumudzi kwanu ndi mbali imeneyo amayi mungowatengera panjira. Mukatsika mapiri aja mudzamva mphepo ikusintha, makutu kutsekeka, milambe kuyamba kuoneka, muwauze amayi achotse juzi. Pa boma mupeza ma Sienta opita ku Senga Bay. Lankhulani ndi dalaivala akakusiyeni pageti penipeni muwonjezere kangachepe, musawakweze amayi njinga yamoto ndi chikwama. Ndalama tapani pa boma pomwepo, ndipo muzikhala ndi ina m'manja, chifukwa Airtel Money ndi Mpamba zimagwira ntchito koma netiweki ili ndi masiku ake. Ngati mwabwereka galimoto, thirani mafuta opita ndi pobwerera muli ku Lilongwe.

M'chipinda, musanachite china chilichonse, muwaonetse mpopi wa madzi otentha ndi wozizira, momwe chitseko chimatsekukira, ndi pozimitsira makina oziziritsa mpweya. Mayi wina anagona usiku wonse atadzikulunga ndi makatani chifukwa choopa kugwira batani, ndipo m'mawa sanauze munthu, tinachita kuzindikira tokha. Pemphani chipinda chapansi. Muwachenjezeretu kuti akaona atsikana atavala zosambira zooneka ngati kabudula wamkati, asayambe ulaliki. Iwo alowe m'madzi ndi chitenje chawo, palibe adzawaletse.

Usiku muwatulutse panja. Mwezi ukakhala kuti sukuwala, asodzi a kauni amayatsa nyali zawo kutali pamadzi, mzere wautali, ndipo mlendo aliyense amafunsa kuti tauni imeneyo ndi iti. Kenako m'mawa kwambiri mupite nawo ku Nguwo, kumene maboti amakochezako. Kumeneko ndiye amayi adzasangalala, ndikukutsimikizirani, kuposa pa dziwe la hotela. Adzaona usipa ukutsika m'mabigili, amayi anzawo akukangana mtengo, ena akufutsa, ena akuyala pathandala, ndipo adzanenerera ngati ali pamsika wa kwawo. Agule usipa wouma ndi kampango wowamba wopita naye kumudzi, chifukwa munthu wobwera kunyanja chimanjamanja anzake samukhulupirira. Chambo musachiyembekezere chambiri. Chinachepa m'nyanjamu, komanso Novembala ndi Disembala ndi nthawi imene boma limatseka usodzi wa makoka kuti nsomba ziswane, moti chimene mudzadye ku hotela chikhoza kukhala choweta. Munthu akakutsatsani tiana ta chambo m'mbale, musagule.

Izi zimandikumbutsa chilumba cha Mbenji, kumpoto kwa kuno, m'dera la mfumu yayikulu Makanjira. Kumeneko mfumu imatseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo, asodzi onse amachokako, ndipo ngakhale nthawi yotsegula mowa, chamba ndi juga siziloledwa. Akazinso saloledwa kupondako, zimene inu mungatsutsane nazo, koma nsomba za ku Mbenji zikadalipo pamene magombe ena analira kale. Anthu ophunzira amachita kubwera kudzafufuza kuti mfumu ya kumudzi inatha bwanji zimene maofesi akulephera. Ndangodutsirapo, kumeneko simupitako.

Kumene mungapite ndi pa kachilumba ka Namalenje, kamene azungu amati Lizard Island, kooneka muli pagombe. Anyamata a maboti adzakuzungulirani ndi mitengo yosiyanasiyana. Gwirizanani mtengo wopita ndi kubwerera musanakwere, ndipo popanda jekete yoyandamitsa ya aliyense musakwere, ngakhale akulumbirireni kuti anabadwira m'madzi. Pitani m'mawa. Nyengo ya mvula nyanja imasintha nkhope mofulumira masana, mphepo ikangotembenuka. Amayi akakana boti musawakakamize. Atengereni ku Kuti, malo osungira nyama pafupi ndi boma, akaone mbidzi pafupi popanda mantha a mkango, kapena ku Kambiri kumene amasunga mbuna, tinsomba tamitundumitundu tija timatumizidwa kunja kuti azungu aziika m'magalasi m'nyumba zawo. Adzaseka kuti pali anthu ogula nsomba yosadya.

Ena adzakuuzani kuti bwanji osapita ku Nkhotakota, kuli phee. N'zoona, ndipo ine ndimakukonda. Kuli Chia ndi nsomba zake za pamlatho, kuli mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi mfumu Jumbe yogulitsa akapolo, kuli nkhalango imene anasamutsirako njovu zoposa 500 mu 2016 ndi 2017 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Koma ndi makilomita ena oposa 100 kuchoka ku Salima pamsewu wa M5, ndipo nthawi ya mvula ndi munthu wachikulire, ine ndingasunge ulendo umenewo chaka china.

M'madzi, amayi asapitirire m'mawondo, ndipo inu mukhale pambali pawo. Anthu a kumtunda amamira chifukwa pansi pamaoneka posalala kenako pamatsika mwadzidzidzi. Musasambe kumene kuli mabango kapena pamathiriro a mtsinje, ndi kwa ng'ona ndi mvuu, ndiponso madzi odikha otero ndi amene amakhala ndi nkhono za likodzo. Musasambe kukada. Ngati nonse mwalowa m'madzi, pakatha miyezi iwiri mukafunse kuchipatala za mankhwala a likodzo, praziquantel, amene amaperekedwa potengera kulemera kwa munthu. Udzudzu wa kuno si wa ku Dowa, choncho neti itsitsidwe dzuwa likangolowa, ndipo ngati m'chipinda mulibe, itanitsani. Mankhwala awo a BP, ngati amamwa, akhale m'chikwama cha m'manja. Weyitala amene wakusamalirani mumupatse kangachepe m'manja mwake mwenimweni, osati kusiya patebulo. Ndipo mukabwerera, wina akatentha thupi m'masabata awiri otsatirawo, akayezetse malungo tsiku lomwelo, asangomwa panado n'kugona.